Kukajambula Bwinja la Ababa ku Milonde

Koleji ndinaimaliza m'chaka chachiwiri. Akuluakulu a kumeneko mpaka lero amaumirira kuti maphunziro aja anali a zaka zinayi, koma pa nkhani imeneyi aliyense anatsala ndi maganizo ake. Chimene ndinatulukako nacho ndi kamera yakale, sitandi yake ya miyendo itatu, ndi nthenda yokonda mabwinja.

Masana ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe mu Lilongwe muno kuti ndipeze ya ndiwo. Kukada ndimapita kumene anthu anasamukako: masitolo otsekedwa kalekale, masiteshoni a sitima omera udzu, nyumba zopanda madenga. Bwinja ndi kasitomala wabwino. Siliphethira, silipempha kuti ulichepetse mimba, ndipo silikufunsa chifukwa chake sunakwatire. Kajambulidwe kake n'kosavuta. Umakhazika kamera pa sitandi, n'kuisiya chitsegulire, kenako iweyo utavala zakuda umayenda ndi tochi kumapaka kuwala pamakoma ngati ukupaka laimu. Chilichonse chongoima chimatuluka bwinobwino. Chilichonse chogwedezeka chimasanduka utsi. Nthawi yake ndimayeza ndi pemphero la Atate Wathu, lonenedwa mosathamanga, ndipo kupemphera kwanga konse kumathera pomwepo.

Ababa sankaiona ngati ntchito. Ankati anzanga akujambula mabwana, ine ndikujambula zimbudzi zakugwa.

Iwowo anabadwira m'malaini a esiteti ya tiyi ku Mulanje, makolo awo atachokera ku Mozambiki. Anakwatira amayi ku Milonde n'kukhala komweko pa chikamwini. Njerwa anaumba okha, kuwotcha okha, nyumba n'kumanga pang'onopang'ono akaweruka kuntchito yaulonda. Amayi atamwalira, abale awo, motsogozedwa ndi amalume aBizwiki, anawasudzula Ababa mwamwambo wake. Nkhuku inaphedwa, mawu aulemu ananenedwa: Alamu, tsopano ndinu mfulu, mutha kubwerera kwanu. Vuto linali limodzi lokha, kwawoko kunalibe. M'malaini muja munalowa antchito ena kalekale. Ndiye mfuluyo inabwera kudzagona pa matiresi m'chipinda changa ku Kawale. Ine amene sindinaumbepo njerwa, ku Milonde ndi kwathu, chifukwa ndi kwa amayi. Iwo amene anamanga, ndi alendo.

Tsiku lina msuweni wanga Agnesi, mwana wa amalume aja, anandiimbira foni. Nyumba ya Ababa ija igwetsedwa Loweruka m'mawa. Malata anapita kale ndi mphepo m'chaka cha madzi osefukira chija, ndipo madzi omwewo anakokolola nyumba ya amalume. Tsopano akufuna njerwazo amangire yawo.

Nditawauza Ababa, anakankhira tiyi wawo pambali.

"Iwe Limbani, makina ako aja amaonadi mumdima?"

"Amaona, Ababa."

"Ukandijambule nditaima pakhomo paja."

"Tikafike masana basi. Ngakhale foni ijambula."

"Masana? Munthu wosudzulidwa akaonekera masana, dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala ukunena kuti wabwerera njerwa. Tikafike kukada, tijambule, tizibwerera. Asatione munthu."

Panali chinthu china. Ababa ali ndi matenda amene adokotala anawatchula dzina lalitali lachizungu, ife timangoti manjenje. Akapuma bwino limakhala dzanja lokha. Akatopa thupi lonse limalowerera.

"Ababa, usiku kamera yanga siona munthu wonjenjemera."

"Ndikaima. Ndalondera fakitale moyo wanga wonse. Kuima ndimakudziwa kuposa iwe."

Tinanyamuka Lachinayi. Dongosolo langa linali la munthu wophunzira: Limbe masana, Milonde kukamada, Lachisanu tili m'njira yobwerera, Loweruka nyundo izigwira ntchito ife tili kutali. Ababa ananyamula chinthu chimodzi chokha, jekete lawo la bulauni lopitira kutchalitchi, atalisita n'kulipinda m'jumbo. Anakana kuti lilowe m'chikwama. Analifungatira pamiyendo ngati khanda.

Kudepoti tinapeza basi imene woitanira analumbira kuti yangotsala anthu awiri, ndipo anthu awiriwo tinali ifeyo. Titalipira n'kukhala pansi ndinaona chozizwitsa. Munthu wapaulendo akakwera, mmodzi mwa okhalamo kale ankadzuka, kudziwongola, n'kutsika. Anali aganyu okhalira mipando kuti basi izioneka yodzaza. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwerera pomwe paja. Mlaliki anakwera, anatifotokozera imfa ya pamsewu mwatsatanetsatane, anatolera chopereka, n'kutsika osapita nafe. Tinatuluka mu Lilongwe dzuwa lili paliwombo.

Ababa anakana madzi. "Ndikamwa ndiimitsa basi, anthu azindiyang'ana." Pa Lizulu basi inazingidwa ndi kabichi, kachewere ndi tomato, ndipo mayi wa pampando wathu anagula zonsezo n'kuzisungitsa pamapazi anga osandifunsa. Pa Ntcheu dalaivala analengeza mwaulemu ndithu kuti dizilo watsala wongonunkhira. Basi yonse, ndi ife tomwe, inakalowa pa mzere wa mafuta. Mzere wa mafuta ndi malo abwino oganizira moyo wako, ndipo ine ndinauganizira wonse, kawiri, ndisanaone pampu. Anthu anatsika, anadya chipisi, anakangana za mpira, anayanjana, ena mwina anatomerana. Ababa sanatsike. Ndinkawayang'ana chamseri. M'mawa linali dzanja lokha. Pofika madzulo mutu unayamba kugwedezeka pang'onopang'ono, ngati munthu amene akukana chinthu chimene sanafunsidwe.

Pa Zalewa tinafika kutada. Tinatsitsidwa tonse kuti katundu aonedwe, ndipo wapolisi wina wachikulire anasolola sitandi yanga n'kuitambasula miyendo.

"Mukupita nacho kuti ichi?"

"Ku Mulanje, bwana. N'chojambulira usiku."

Anandiwunika kumaso, kenako anawunika Ababa. "Achimwene, munabadwa liti? Kumeneko anthu sanaiwale mphekesera za opopa magazi zija. Mlendo, usiku, tochi, ndi chitsulo chosadziwika. Mwaganiza bwino?"

Ndinamuuza kuti kumeneko ndi kwathu. Iye anati ambiri amene anawatola m'mawa analinso ndi kwawo.

Mu Limbe tinapeza minibasi zonse zitagona, ifenso tinakagona m'kanyumba ka alendo kuseri kwa msika. Kuchimbudzi Ababa anakhalitsa. Kenako ndinamva akundiitana motsitsa. Zala zawo zinalephera mabatani a thalauza. Ndinawamasulira nkhope yanga ili kukhoma, iwonso yawo ili kukhoma lina, ndipo nkhaniyi sitinaikambe m'mawa mwake kapena tsiku lina lililonse. Usiku wa Lachinayi unali utadyedwa. Mdima unatsala umodzi wokha.

Lachisanu tinalawirira minibasi ya ku Mulanje yodzera msewu wa Midima. Kondakitala anayang'ana sitandi yanga n'kugamula kuti ilipire mpando.

"Chili ndi miyendo, bigi. Chamiyendo chilichonse chimalipira."

"Nanga nkhuku izi?"

"Zamangidwa."

Ndinaimanga miyendo ndi chingwe cha nsapato, ndipo inakwera ulere. Maphunziro satayika.

Pafupi ndi Ababa panakhala mkulu wina wa mzuli woyera ndi ndevu za imvi, amene aliyense ankamutchula Che Saidi. Anali wamalonda, ndipo pamwamba pa matumba ake, kumbuyo kwa mitu yathu, panali katoni ya nsomba za karapao zouma ndi ayezi. Tisanafike n'komwe pa mphambano ya ku Nguludi, Che Saidi anali atawayang'ana Ababa kangapo.

"Pepani akulu, nkhopeyi ndikuidziwa. Si inu amuna awo a malemu Elube, kuseri kwa msika wa Milonde? Ankagula mchere kwa ine."

Elube ndi amayi anga. Ababa anayankha osatukula mutu.

"Mwandifanizira. Ine ndine wa ku Lilongwe."

"Oo. Pepani."

Che Saidi anayang'ana pawindo. Ababa anayang'ana jumbo lawo. Dzanja lawo linkamenya pulasitiki, phwa-phwa-phwa, minibasi yonse kumamva.

Mafuta tinathira a m'zigubu m'mbali mwa msewu, kwa munthu amene anali ndi nkhope yachilungamo kwambiri. Minibasi inayamba kutsokomola titawoloka Thuchila, ndipo pa Nkando inapuma mpweya womaliza pakati pa msika. Dalaivala anatsegula pansi pa mpando wake, anayamwa paipi, analavula, n'kunena kuti mafutawo theka ndi madzi. Anakwera kabaza kukafuna makaniko. Kondakitala anapita kukafuna dalaivala. Ndalama zathu zinapita ndi kondakitala.

Pa Nkando tinakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Minibasi zodutsa zinali zodzaza mpaka pachitseko, ndipo zokhala ndi malo zinkafuna mtengo watsopano, ngati tayambira pomwepo. Phiri linkaoneka kutsogoloku, lalikulu, losasuntha, chitsanzo chabwino cha mmene munthu wojambulidwa ayenera kukhalira. Ayezi wa Che Saidi anasungunuka mwakachetechete. Pamene tinkazindikira, madzi a nsomba anali atatsikira m'jumbo muja, limene linatsala pampando ife titatsika, n'kujambula mapu a dziko lina pamsana pa jekete. Ababa analitulutsa, analinunkhiza, analitembenuza.

"Ndi kumbuyo," anatero. "Kamera imaona kumbuyo?"

"Siona."

"Basi."

Analiyanika pa galasi la minibasi, ntchentche za pa Nkando n'kubwera kudzapereka ulemu.

Nthawi ya mapemphero itakwana Che Saidi anapita kumzikiti. Anapemphera, anacheza, anabwerera, n'kutipeza pomwe anatisiya. Anabwera ndi kapepala ka kalongonda wophika, nyemba za kuno kumwera, n'kuwapatsa Ababa. Kalongonda ku Lilongwe sapezeka. Ababa anayesa kukana, koma mphuno inawapereka. Anadya, theka likugwera pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendowu anapempha madzi.

"Wa ku Lilongwe wodziwa kudya kalongonda chonchi sindinamuonepo," anatero Che Saidi, akuyang'ana kumsewu. "Koma ine maso anga ndi okalamba. Lero sindinaone munthu aliyense. Mphwanga akubwera ndi kagalimoto kudzatenga nsombazi zisanandichititse manyazi. Mukwera nafe."

Tinakwera kumbuyo, pakati pa matumba. Chitakale, boma, minda ya tiyi, zonsezo zinangodutsa ngati za eni ake. Ine maso anali padzuwa, limene tsopano linkathamanga kuposa galimoto iliyonse imene tinakwera. Titasiya tala, mabampu anawamaliza Ababa. Ndinawakumbatira kuti asagwe ndipo ndinamva thupi lawo lonse likulira ngati chigayo. Che Saidi anatitsitsa tisanafike pamsika, pa kanjira kolowa m'minda ya nandolo. Ababa sanafune tochi. Njira ija mapazi awo ankaidziwa.

Mabwinja ndajambula ambiri ndipo ndimadziwa chimene ndimawakondera. Mulibe mwini. Khoma limangokhala khoma, zenera limangokhala bowo lodzaza nyenyezi, ndipo umachokako ukudziona wanzeru zakuya. Koma bwinja ili ndinkadziwa pamene panali bedi. Pamenepo panamera papaya. M'chipinda changa munayanga maungu. Msomali umene Ababa ankakolekapo wailesi unalipobe, ndipo pansi ponse panali zitosi za mbuzi. Makoma okha anaima chilili, osapendeka ngakhale pang'ono, ndipo kunja njerwa za khonde zinali zitagumulidwa kale n'kuunjikidwa bwinobwino, kudikira mawa.

Ndinawaveka jekete n'kuwamangira mabatani. Anaima pakhomo lopanda chitseko, manja m'mbali, chifuwa kutsogolo, mlonda pa ntchito yake. Ndinatsegula kamera, ndinayamba pemphero, ndinayenda ndi tochi. Pa Ameni ndinakayang'ana.

Nyumba inatuluka yokongola kuposa mmene inakhalira masiku ake onse. Njerwa iliyonse inkawerengeka. Pakhomo panali nsapato ziwiri, ndipo pamwamba pa nsapatozo panali utsi wa bulauni.

"Zatheka?"

"Tibwereze, Ababa."

Tinabwereza. Ndinawatsamiritsa pa mphuthu, mutu unakanabe. Ndinafupikitsa pemphero mpaka pa chakudya chalero, chithunzi chinada bii. Ndinawauza agwire mpweya, manjenje anakula. Akamayesetsa kuima m'pamene thupi linkawaukira. Thukuta linkatsika m'masaya mwawo, ndipo sanafunsenso ngati zatheka.

Wapolisi wa pa Zalewa uja sananame. Tochi yoyendayenda pamakoma a bwinja imaoneka patali. Tinamva likhweru, kenako lina kuyankha mbali ina, kenako agalu. Nandolo anayamba kuphwanyika mbali zonse.

"Ndi awo! Ali ndi chipangizo!"

"Tsekani kumtsinje! Asathawe!"

Ndinaona zibonga, zikwanje, ndi munthu mmodzi atanyamula mpini wopanda khasu. Wina anamenya sitandi ndi chibonga, ndipo kamera ndinaiwakha m'malere, luso limene sindidzalibwerezanso. Ndinakweza manja n'kufuula digiri yokhayo imene ndili nayo.

"Ndine Limbani! Mwana wa Elube! Kwathu n'kuno!"

"Aliyense anganene zimenezo!"

"Tadikirani, tadikirani." Mawu amenewo ndinawadziwa. Amalume aBizwiki anadutsa pakati pa gululo atavala chijasi chakuda, chikwanje kumanja. Anandilanda tochi, anandiwunika, anapukusa mutu ngati munthu amene wapeza zimene ankayembekezera kwa ine. Kenako anawunika pakhomo.

Ababa anali asanasunthe pamalo pawo.

"Alamu."

"Alamu."

"Mwabwera usiku ngati fisi, pamudzi poti mumapadziwa?"

"Masana mukanati ndabwerera njerwa."

"Nanga mwabwerera chiyani?"

"Kudzajambulitsa."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusiya msanga. Amalume anatsitsa chikwanje. "Mukanaphedwa, Alamu. Ife n'kumati tapha wopopa magazi, kukacha n'kupeza ndi bambo a Limbani. Ndikanayankha chiyani kumanda kwa mlongo wanga?"

Amalume anatembenukira kwa ine. "Iwe wosamaliza sukulu, tione chimene mwaferacho."

Ndinawaonetsa. Amuna aja anaunjikana, zibonga kukhwapa. Mmodzi anabwerera m'mbuyo. "Aa, ndi mzukwatu uwu." Ndinafotokoza za kamera yosaona chogwedezeka kapena chakuda, ndipo amalume anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene aphunzitsi anga sanachitepo.

"Alamu, taimani bwino."

"Ndaima."

"Mukuvinatu."

"Si ine. Ndi thupili."

Amalume anapatsira munthu wina chikwanje, analowa m'bwinjamo podzera pa zenera, n'kudzaima kumbuyo kwa Ababa, mumdima wa pakhomo.

"Chakuda sichioneka, wati eti?"

"Mukabisala bwino, Amalume."

Anawerama, anatsamiritsa phewa pamsana pa Ababa, pa mapu a nsomba paja, n'kuwagwira m'chiuno. "Mukununkha karapao, Alamu." Tinayesa. Thupi linatuluka, jekete ndi mabatani ake onse, koma mutu unali utsibe.

Ulendo wotsatira amalume anakweza dzanja lawo lamanja, dzanja la khasu, n'kuwagwira Ababa kumbuyo kwa khosi, zala n'kuzungulira mpaka pansi pa chibwano. Anafinya. Ndinaona mutu uja ukulimbana nalo dzanjalo, kenako n'kugonja.

"Yamba, iwe. Dzanja litopa."

Ndinatsegula kamera. Mwina ndi mantha aja, pempherolo ndinalinena mokweza, ndipo amuna a zibonga aja, posadziwa chochita, anavula zipewa n'kumanena nane. Ndinapaka kuwala pakhoma lamanzere, lamanja, pa papaya, pomaliza pankhope ya Ababa. Tonse tinati Ameni.

Anatuluka. Maso, makwinya, ndevu za masiku awiri, zonse. Munthu ataima pakhomo pa nyumba imene anamanga. Amalume sankaoneka, kupatula zala zinayi zakuda pakhosi.

Ababa anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Amalume anatuluka akupukuta dzanja pa chijasi.

"Sindikanagwetsa, Alamu. Koma adzukulu akugona m'chisakasa, ndipo mvula ili pafupi."

"Sindinafunse."

"Tiyeni mukagone. Mphasa ilipo."

"Zikomo. Kuno ndinatsanzika kale."

Tinakagogoda kwa Che Saidi pamsika, ndipo anatiyalira m'sitolo pakati pa matumba a mchere, osafunsa kanthu. M'mawa tikudikira galimoto, Ababa anatukula mutu n'kunena kuti ayamba kugwetsa. Pamsika pa Milonde nyundo siingamveke, n'kutali. Sindinatsutse.

Ulendo wobwerera unayenda bwino mochititsa manyazi. Mafuta analipo, matayala anapirira, ndipo tinalowa mu Lilongwe tsiku lomwelo.

Chithunzicho ndinachitsukitsa chachikulu ndipo chili pakhoma ku Kawale, pamwamba pa matiresi a Ababa. Masiku ano sadzukadzuka, supuni ndimawagwirira ndine. Zala zija ndikanatha kuzifufuta pa kompyuta, ntchito yosafika pemphero limodzi, koma anandiletsa. Anthu obwera kudzawazonda amachiyang'anitsitsa, ndipo sachedwa kuziona. Ena amati munthuyo akuwachirikiza, ena amati akuwakanyanga pakhosi. Amandifunsa ine, ine ndimati ndinangojambula. Ndiye amawerama n'kufunsa mwini chithunzi.

"Agogo, nanga zala izi n'zandani?"

Ababa amayang'ana kukhoma, mutu ukugwedezeka.

"Ndi za eni malo."